Kulera kwa kunyanja ndi zimene akatswiri akunja anapeza

Pagombe la Senga Bay, usipa ukamayanikidwa, makanda sasiyidwa m'nyumba. Wina amakhala kumbuyo kwa amake, mutu ukugwedezeka pamene amake akumwaza nsomba pathandala. Wina wa miyezi inayi kapena isanu amamukumbira kadzenje mumchenga, n'kumutchinjiriza ndi chitenje kuti aphunzire kukhala tsonga. Akagwera chammbali, mlezi wake, mwina wa zaka 7 zokha, amamudzutsa n'kumukhazikanso. Amenewa ndi maphunziro enieni, ngakhale palibe amene amawatchula choncho.

Kumaiko ena, nkhani ya kakulidwe ka mwana inalowa m'mabuku kalekale. Jean Piaget wa ku Switzerland ankayang'anitsitsa ana ake atatu n'kumalemba zimene akuchita. Anaona kuti khanda limaphunzira pogwira, poyamwa ndi pogwetsa zinthu, ndipo likafika miyezi 8 kapena 9 limayamba kufunafuna chinthu chimene wachibisa pansi pa nsalu. Lev Vygotsky wa ku Russia, yemwe anamwalira mu 1934, anatsindika kuti mwana amatola nzeru kwa anthu odziwa kuposa iye. Agogo a ku Lifuwu kapena ku Chipoka angavomereze msanga mfundo ya Vygotsky, chifukwa kuno khanda limadutsa m'manja ambiri dzuwa lisanalowe.

Akatswiri ena anaphunzira kuchokera kwa amayi a ku Africa konkuno. Mu 1954 Mary Ainsworth anayamba kuyendera mabanja kufupi ndi Kampala, ndipo anaona kuti mwana amene amake amamusamala msanga akalira ndiye amalimba mtima kukwawa n'kumafufuza zapafupi. Mu 1976 Charles Super analemba kuti makanda a Akipsigis ku Kenya ankakhala tsonga ndi kuyenda msanga kuposa a ku America, chifukwa makolo awo ankawaphunzitsa mwadala. Choncho kadzenje ka mumchenga, ndi kumuimiritsa mwana uku tikumuombera m'manja, si zachabe.

Vuto limabuka poyeza nzeru. Mwana amakhoza bwino pa zimene anazolowera. Robert Serpell anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England: a ku Zambia anapambana popinda waya, a ku England anapambana pojambula papepala, koma poumba sanasiyane. Ndiye mwana wa msodzi, amene amasema kabwato ndi kusewera masanje, tingamuyeze bwanji ndi zidole zimene sanazionepo? N'chifukwa chake Melissa Gladstone ndi anzake anakonza muyeso wa kuno, wotchedwa MDAT, umene unasindikizidwa mu 2010. Uli ndi zinthu 136 zoyezera kayendedwe ka thupi, luso la zala, chilankhulo ndi kakhalidwe ka mwana ndi anthu, pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wakumudzi amazidziwa.

Komabe pali phunziro limodzi limene tiyenera kulilandira ndi manja awiri. Ambirife timati khanda silimva, ndiye kuliyankhula n'kutaya nthawi. Mu 1984, ku Canada, Janet Werker ndi Richard Tees anaphunzitsa makanda kutembenuza mutu akamva kuti liwu lasintha. Anapeza kuti a miyezi 6 mpaka 8 amasiyanitsa ngakhale mamvekedwe a zilankhulo zachilendo, koma pofika chaka chimodzi makutu awo amakhala atakhazikika pa chilankhulo cha pakhomo. Mwana amakhala akumvetsera kale asanatchule "amama". Wa ku Salima, amene amamva Chichewa, Chiyao, ngakhale Chitonga cha asodzi, ali ndi chuma chachikulu, bola wina azimuyankhula maso ndi maso. Ali kumbuyo amamva kutentha kwa amake, koma nkhope yawo saiona.

Tisasiye mbereko, tisanyoze mlezi, koma tiwonjezerepo mawu. Amayi, pomusambitsa mwana mutchulireni madzi, dzanja, mwendo. Abambo, mukamasoka ukonde mukhazikeni pambali, mumuuze dzina la nsomba iliyonse, akayankha ndi timawu take inunso muyankheni. Musadikire kuti akayambire kusukulu ya mkombaphala ali ndi zaka zitatu. M'mera mpoyamba, ndipo kuyankhula ndi khanda sikulira ndalama.