Mbalame za M'chisanu: Kuchokera ku Matawale Kukafika ku Mathiriro a Likangala

M'mwezi wa Juni, pamene chiperoni chakuta phiri la Zomba ndipo ana a sukulu a ku Matawale akuyenda manja ali m'khwapa, munthu wodzuka mbandakucha amayamba kumva pumbwa asanaone kanthu. Kenaka njiwa zimayankhizana m'mitengo ya mango, akhwangwala nayamba kuzungulira kudzala. Ambiri amaganiza kuti chisanu ndi nyengo yopanda mbalame, popeza mphamba wa mchira wamphanda, amene amasautsa oweta nkhuku, amakhala atachoka ndipo sabwerera mpaka cha m'Ogasiti. Koma woyenda pansi ndi maso otsegula amapeza kuti zina zikachoka, zina zimabwera.

Chifukwa chake chagona pa kaimidwe ka dziko la Zomba. Tauniyi ili pa mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja yamchere. Nsonga ya Malumbe paphiri imapitirira mamita 2,000. Pamene nyanja ya Chilwa, makilomita ngati 30 kuvuma, ili m'chigwa chotentha. Mtsinje wa Mulunguzi umatsika kuphiri nukathira mu Likangala, ndipo Likangala amanka nadutsa minda ya mpunga mpaka kukatayikira m'njedza za Chilwa. Wotsata madzi amenewa amadutsa maiko atatu a mbalame osakwera basi.

Kukazizira pamwamba, tizilombo timachepa m'nkhalango, motero mbalame zina za kuphiri zimatsika kudzafuna chakudya m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Imodzi mwa izo ndi kambalame ka chifuwa chachikasu ndi mutu wotuwa, kokhala ndi kadontho koyera pamwamba pa diso, kamene Azungu amakatcha White-starred Robin. M'dzinja kamaswana m'nkhalango zowirira za pamwamba, koma m'chisanu ena a mtundu wake amapezeka m'munsi. Malo oyenera kuyambira ndi munda wa mitengo ndi maluwa umene Alexander Whyte anauyamba m'chaka cha 1891, Zomba ali likulu latsopano la boma la atsamunda. Pamiyala ya Mulunguzi pamenepo pamaima kambalame kotuwa kogwedeza mchira wake wautali kosaleka. M'nthambi zam'mwamba mumadumpha nkulukulu wobiriwira, amene akatambasula mapiko amaonetsa nthenga zofiira ngati magazi. Wofulumira saona zonsezi. Luso lake ndi kukhala pansi, dzuwa lili kumsana, ndi kudikira.

Amene miyendo yake ili yolimba angathe kukwera njira yachidule yotchedwa Potato Path kukafika ku Chawe. Kumeneko kuli chuma chimene ngakhale aphunzitsi ambiri a sayansi sachidziwa. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, lotuluka m'chaka cha 2006, linawerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'Malawi. Mwa yonseyi, mtundu umodzi wokha ndi umene supezeka kwina kulikonse padziko lapansi: Yellow-throated Apalis, kambalame kakang'ono kobiriwira kumsana, kachikasu kukhosi, kokhala ndi mzere wakuda pachifuwa ngati kavala mkanda. Kwawo ndi kumapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa basi, ndipo kali pa mndandanda wa zamoyo zimene zingathe kutheratu.

Kambalameka kamadalira mitengo yachilengedwe ndi zitsamba zowirira za m'mphepete mwake. Tsono gawo lalikulu la phiri la Zomba linabzalidwa paini wa matabwa kalekale, ndipo nkhalango yeniyeni inatsala m'timagawo ta m'zigwa ndi m'mitsinje. Timagawo tomweto nto timene tikudyedwa ndi nkhwangwa, uvuni wa makala ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Matumba a makala otsika panjinga m'mawa uliwonse amathera m'mbaula za m'tauni, za ku Matawale zomwe, ndipo nkovuta kudzudzula mayi wophika nsima amene alibe china chosonkhera. Komabe nkhalango ikatha pamapiri atatuwa, kambalameka kalibe kothawira, ndipo dziwe la Mulunguzi, limene tauni yonse imamwa, limadalira mitengo yomweyo.

Ulendo wa kunyanja ndi wa tsiku lina. Msewu wa ku Kachulu ndi wautali kwa woyenda pansi, ndipo palibe manyazi kukwera njinga ya kabaza mpaka ku minda ya mpunga ya Likangala ndi kuyamba kuyenda kuchokera pamenepo. M'Juni mpunga amakhala akukolola kapena atamaliza, madzi ayamba kuphwa, ndipo m'matope mumadzaza akakowa, nantchengwa, atsekwe ndi abakha am'tchire olira ngati likhweru. Patali pamayandama avuwo, nkhwazi ili phee pamtengo.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anatsatira kuphwa kwa 1968 ndi kudzazanso kwake, nalemba buku lotuluka mu 1979. Kuyambira mu 1997 nyanjayi ili pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika padziko lonse, ndipo inali yoyamba m'Malawi kulandira ulemu umenewu, makamaka kaamba ka mbalame zake.

Apa mpamene nkhani imalimba. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, mabanja a m'mbali mwa nyanja amatembenukira ku mbalame: misampha, ulimbo, maukonde ndi mfuti. Kwa iwo mbalame ndi ndiwo, ndi sopo, ndi fizi ya mwana. Nchifukwa chake njira imene inayesedwa kumeneko sinali kuletsa kusaka, koma kukhazikitsa makomiti a alenje eni ake, opatula malo ena osasakidwa ndi nyengo yoleka kutchera pamene mbalame zikuswana. Wopita ndi kabuku adzachita bwino kuyamba walonjera anthu amenewa ndi kufunsa nzeru zawo, chifukwa mlenje wa ku Chilwa amadziwa maina ndi makhalidwe a mbalame amene sanalembedwe m'buku lililonse la sukulu.

Pali gulu lina limene woyenda m'Juni sadzalipeza konse. Chisanu cha ku Ulaya chimagwa pamene kuno kuli dzinja, choncho anamzeze a kumeneko ndi timbalame tambiri ta miyendo yaitali toyenda m'matope timafika cha m'Okutobala ndi kubwerera pofika m'Epulo. Zimenezi zinatsimikizika mu Disembala 1912, pamene namzeze wovekedwa kamphete ku England chaka cha 1911 anapezeka ku Natal. Kambalame kolemera magalamu ngati 20 kanali katawoloka chipululu cha Sahara.

Ntchito imeneyi sifuna chuma. Magalasi oonera patali amathandiza, koma kope lakale, pensulo ndi juzi nzokwanira. Mphunzitsi angathe kutenga ana khumi Loweruka m'mawa, malegeni atasiyidwa kunyumba, nalemba zinthu zinayi: tsiku, malo, dzina la mbalame monga alitchulira agogo, ndi chiwerengero chake. Kope loyambidwa m'chisanu chino lidzakhala ndi tsiku limene mphamba anaonekanso m'Ogasiti, ndi tsiku limene namzeze woyamba wa khosi lofiira anatera pa waya wa magetsi ku Matawale.