Chimfine chimalowa ndi ndani m'nyumba?

Sukulu zitangotsegulidwa, mwana wanga wamng'ono anabwera kunyumba akutsokomola. Sabata isanathe tonse tinali fwefwe ndi mamina, koma amene chinawagwetsa ndi agogo ake. Mlongo wanga anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji mwini chimfine akumenya mpira panja pomwe amayi ali kwala pamphasa?" Ndinasowa choyankha. Ine ndinkayesa kuti wodwala kwambiri ndiye amafalitsanso kwambiri.

Si choncho ayi. Mwana ali ngati khala lopala kwa aneba. Amaswera m'kalasi modzaza, ndipo thupi lake silinakumanepo ndi mavairasi ambiri, choncho amawatola msanga. Akadwala fuluwenza, kachilomboka amakatulutsa masiku ochuluka kuposa munthu wamkulu. Komanso mwana sadziwa kubisa: amakuyetsemulirani kumaso, kupukuta mamina ndi dzanja, n'kupisa dzanja lomwelo m'mbale ya ndiwo.

Agogo ndiwo udzu wouma womwe khala lija limagwerapo. Chitetezo cha m'thupi chimafooka ndi ukalamba, moti chimfine chomwe mdzukulu wachipirira, kwa iwo chimatha kusanduka chibayo. Khanda nalonso chimodzimodzi. Njira zake za mpweya n'zopapatiza ngati kaphesi, makhololo pang'ono chabe zatsekeka, ndipo kawirikawiri amalipatsira ndi mkulu wake wa kusukulu.

Covid-19 ndiyo inabwera mosiyana mu 2020. Nthawi zambiri ankailowetsa m'nyumba ndi akuluakulu, pochokera kuntchito, kumaliro kapena m'minibasi.

Kwathu masiku ano mwana akayamba chifuwa sagonanso kuchipinda kwa agogo, ndipo mawindo timatsegula ngakhale mu Juni.