Za Dzimbiri la mu Ubongo, ndi Mbaula ya Usiku

Ubongo wa munthu uli ndi mbali yotuwa ndi mbali yoyera, ndipo yoyerayo ifika pafupifupi theka lace. Kuyerako kucokera ku mafuta amene akulunga timitsempha tonyamula mauthenga, monga khungwa likuta mtengo. Sing'anga wa ku Germany, Rudolf Virchow, anawacha myelin m'caka ca 1854. Ndipo timaselo towapanga, tochedwa oligodendrocyte, anatilongosola Pío del Río Hortega wa ku Spain mu 1921. Mtsempha wokutidwa bwino uthamangitsa uthenga mamita 100 pa sekondi imodzi, wosakutidwa ungoukwawitsa.

Tsono timaseloti ndi tosalimba. Mukasiya khasu pamame licita dzimbiri, pakuti mpweya womwe tipumawu udya citsulo. Ubongo ulemera magawo 2 okha mwa 100 a thupi, koma utenga magawo 20 a mpweyawo. Timaselo timeneti tisunga citsulo coposa tinzace tonse ta mu ubongo, pamene mankhwala acibadwa otichinjiriza, ochedwa glutathione, tili nao ocepa. Citsulo, mafuta ndi mpweya zikakhala pamodzi cotero, dzimbiri silicedwa.

Abale, mdani wace wamkuru m'midzi mwathu agona nafe m'nyumba mwezi wa June ndi July. Makala oyaka m'nyumba yotseka aturutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene ulowa m'mwazi nulanda malo a mpweya wabwino. Ena safa ai; adzuka ndi mutu ndi cizungulire, nati zapita. Koma pakatha masabata awiri kapena anai, pena masiku 40, munthu ayamba kuiwala, kudzandira, ngakhale kuleka kulankhula. Ndipo apabanja athamangira kwa woombeza, osakumbukanso usiku uja wa mbaula. Si mfiti imeneyo, koma mafuta oyera aja alikusupuka. Turutsani mbaula musanagone; ndipo wokomoka ndi makala mumturutse panja, mupite naye kucipatala ngakhale watsitsimuka.

Mtedza, masamba ndi zipatso zipatsa thupi mavitamini E ndi C olimbana ndi dzimbiri lotere, koma sizingafafanize usiku umodzi wa makala.

Kunena za makanda, timaseloti tikhala tanthete koposa pakati pa masabata 23 ndi 32 a mimba, ndipo mwana wobadwa nthawiyo akhoza kuuma ziwalo. Kuyambira 2015 bungwe la WHO lilangiza kupatsa mai wotere magnesium sulphate asanabereke, kuti acepetse ngoziyo. Mai akamva zowawa masiku asanakwane, asayembekeze kuti kuce.