Gitala ya Besi

Gulu la oimba likayamba nyimbo, anthu ambiri amatchera khutu kwa woimba ndi pakamwa kapena kwa woliza lipenga. Koma pansi pa mawu onsewo pamamveka liwu lina lolemera ngati kugunda kwa munsi mu mtondo, limene munthu amalimva ngakhale m'chifuŵa. Liwu limeneli ndi la gitala ya besi. Ovina kaŵirikaŵiri salilabadira, komabe mapazi awo amatsata ilo. Woimba besi akaphonya, ovina amasokonezeka ngakhale oimba ena onse akuimba bwino.

Kale magulu a oimba a ku America ankagwiritsa ntchito besi yaikulu yamatabwa, yotalika ngati munthu wamkulu, imene inkaimikidwa pansi. Inali yovuta kunyamula, ndipo malipenga ndi ng'oma zikalira, mawu ake ankamira. M'zaka za m'ma 1930, Paul Tutmarc wa mumzinda wa Seattle anapanga besi yaing'ono yamagetsi, koma anthu sanaigule kwenikweni. Imene inafala ndi ya Leo Fender wa ku Fullerton, m'chigawo cha California, yomwe inatuluka m'chaka cha 1951. Fender anayamba ndi ntchito yokonza mawailesi ndipo iye mwini sankadziŵa kuimba gitala, koma ankamvetsera madandaulo a oimba. Besi yakeyo anaitcha Precision Bass, kutanthauza besi yolondola, chifukwa pakhosi pake anaikapo tizitsulo topingasa tosonyeza pamene chala chiyenera kudina. M'chaka cha 1960 anatulutsa ina ya khosi locheperapo yotchedwa Jazz Bass.

Besi yamagetsi yodziŵika kwambiri ili ndi nsambo zinayi zokhuthala, zotchedwa E, A, D ndi G. Mbali ya nsambo imene imanjenjemera ndi yotalika masentimita pafupifupi 86. Thupi la gitalayi ndi thabwa lopanda mphako, choncho payokha imangonong'ona. Pansi pa nsambo pali maginito okulungidwa ndi kawaya kamkuwa kopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'kawaya muja mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi. Mphamvuyo imayenda m'chingwe mpaka kukafika m'chimkuzamawu, ndipo mmenemo ndi mmene imasanduka liwu lalikulu lija.

Besi yabwino ndi yokwera mtengo, ndipo munthu akagula yoipa amalira nayo zaka zambiri. Achinyamata ambiri amakopeka ndi utoto wonyezimira kapena dzina lolembedwa kumutu kwa gitala, chonsecho dzina lotchuka anthu achinyengo amatha kulimata pa gitala iliyonse. Woimba wodziŵa amayamba ndi khosi. Amaika diso kumutu kwa gitala nayang'ana khosi lonse monga amachitira mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Khosi labwino limakhota pang'ono chabe, ndipo m'kati mwake muli kachitsulo kautali kamene amisiri amamanga kapena kumasula pofuna kuliwongola. Koma khosi lopotoka ngati chingwe n'lovuta kukonza, ndipo gitala yotere ndi bwino kuisiya ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo.

Akatha apo amayesa nsambo. Zikatalikirana kwambiri ndi khosi, zala zimatopa msanga. Zikayandikira kopambana, zimakhudza tizitsulo tija ndi kulira ngati njuchi. Iye amadina malo onse, limodzi ndi limodzi, kuyambira kumutu mpaka kuthupi, akumvetsera ngati liwu lililonse likutuluka loyera ndi lokhalitsa. Amayendetsanso chala m'mphepete mwa khosi, pakuti nsonga za tizitsulo zikatulukira zimacheka dzanja. Kenaka amalumikiza chingwe, natembenuza tozungulira tokwezera mawu kuti amve ngati pali phokoso losayenera. Pomaliza amaipachika paphewa naimirira nayo. Besi zambiri zimalemera makilogalamu pafupifupi anayi, ndipo kulemera kumene sikumveka m'sitolo kumadzamveka usiku, nyimbo zitaimbidwa maola atatu.

Poimba, dzanja limodzi limadina nsambo pafupi ndi kachitsulo, osati pamwamba pake. Dzanja lina limakodola nsambo ndi chala chamkombaphala ndi chapakati mosinthanasinthana, ngati miyendo ya munthu woyenda. Masiku oyamba nsonga za zala zimatuluka matuza, koma pambuyo pake khungu limalimba. Chimene chimatenga nthaŵi yaitali ndi kuphunzira kutontholetsa nsambo zimene sizikuimbidwa, chifukwa nsambo yokhuthala ikasiyidwa imang'ung'udza yokha ndi kuipitsa nyimbo. Choposa zonse, woimba besi amamvetsera woimba ng'oma. Aŵiriŵa ayenera kugunda pamodzi monga amayi aŵiri osinja mu mtondo umodzi, amene minsi yawo siwombana.

James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani ya Motown mumzinda wa Detroit m'zaka za m'ma 1960, ankakodola nsambo ndi chala chimodzi chokha. Gitala yake inali Precision Bass, ndipo nsambo zake sankazisintha kaŵirikaŵiri. Kwa zaka zambiri dzina lake silinkalembedwa pa zikuto za malekodi, komabe mpaka lero ophunzira besi amatsanzira maimbidwe ake. Wina wotchuka ndi Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene anaimba besi yopanda tizitsulo pakhosi m'chimbale cha Paul Simon chotchedwa Graceland m'chaka cha 1986. Besi yotere imafuna khutu lakuthwa, popeza palibe chosonyeza pamene chala chiyenera kuima.

Ku Malaŵi ntchito ya besi imagwiridwanso ndi choimbira chosafuna magetsi, chotchedwa babatoni. Ili ndi nsambo imodzi yokha yomangidwa pa mtengo wautali, ndipo mawu ake amakulira m'bokosi kapena m'ng'oma yokutidwa ndi chikopa. Gulu la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka linkaimba nyimbo za kwela ndi besi ya nsambo imodzi, ndipo a Madalitso Band a ku Lilongwe afika ndi babatoni yawo mpaka ku Ulaya.