Mauthenga opanda malire amene ankathera pa 3,000

M'zaka zomwe SMS inali pachimake ku Britain, makampani a foni ankakopa anthu ndi lonjezo lokoma: lipirani ndalama yapamwezi, tumizani mauthenga mmene mungathere. Koma pansi pa chikwangwani, m'timalemba tofuna magalasi, munkabisala nambala. Kwa makampani angapo, kuphatikizapo Orange, nambalayo inali 3,000 pamwezi. Wodumpha pamenepo ankatha kuchenjezedwa, kulipiritsidwa uthenga uliwonse woonjezera, kapena kulandidwa mwayiwo.

Makampaniwo anali ndi poyankhira. Mauthenga 3,000 pamwezi ndi 100 tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Bungwe la Ofcom, loyang'anira zamauthenga m'dzikomo, linapeza kuti mu 2011 anthu anatumiza mauthenga oposa 150 biliyoni, zomwe zinali pafupifupi 50 pa sabata kwa munthu mmodzi. Mpanda unali kutali ndi munthu wamba. Amene ankasakidwa ndi anthu ogula ma SIM ambirimbiri n'kuwalumikiza ku kompyuta, kuti usiku wonse azilavula mauthenga otsatsa ngongole kapena onamiza anthu kuti apata mphoto. Otere akanayenera kulipira mitengo ya abizinesi.

Chovuta chinali kawerengedwe. Uthenga umene mwini foni amauona ngati umodzi, kampani simauona choncho nthawi zonse. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, muyeso umene injiniya wa ku Germany Friedhelm Hillebrand anathandiza kukhazikitsa m'ma 1980. Ukapitirira, foni imaudula m'zigawo za zilembo 153, ndipo chigawo chilichonse chimawerengedwa pachokha. Ukaikamo emoji imodzi yokha, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena kamene kamalola zilembo 70 basi, kapena 67 pa chigawo. Wolemba Chichewa mosamala nayenso amagwa m'mbuna yomweyi: chilembo cha ŵ mulibe m'gulu la zilembo wamba za SMS, choncho kulemba Malaŵi ndi kachipewa kake kumatha kusandutsa uthenga wa zilembo 150 kukhala mauthenga atatu.

Tsono tengani mlembi wa kwaya kapena wa timu ya mpira, wokhala ndi anthu 40 oti awadziwitse. Uthenga wa zigawo zitatu kwa anthu 40 ndi mauthenga 120. Akamatero tsiku lililonse, mwezi usanathe wadutsa kale 3,000, chikhalirecho sanagulitse kanthu kwa munthu. Lamulo lotchera akathyali linkakola anthu ngati amenewa, ndipo ambiri ankalidziwira pa bilu.

Madandaulo atachuluka, mabungwe olemba malamulo a zotsatsa malonda ku Britain anakhwimitsa zinthu. Kuyambira mu April 2012, kampani siyenera kulengeza kuti ntchito yake ilibe malire ngati kasitomala woigwiritsa ntchito mwachilungamo angalipiritsidwe ndalama zina kapena kudulidwa chifukwa chodutsa nambala inayake. Kuletsa amalonda obisala m'ma SIM a anthu wamba kunatsalabe kololedwa, ndipo m'pomveka. Chimene chinatha ndi kulonjeza nyanja uku ukupereka chidebe.

Ku India anayenda njira ina. Kumeneko malire sanabisike m'timalemba, anachokera ku boma. Mu September 2011 bungwe la TRAI, loyang'anira zamauthenga m'dzikomo, litatopa ndi mauthenga amalonda, linalamula kuti SIM imodzi isatumize mauthenga oposa 100 patsiku. Achinyamata analira, ndipo pasanathe miyezi iwiri nambalayo inakwezedwa kufika 200. Mu July 2012 khoti lalikulu la ku Delhi linathetsa malirewo, ponena kuti ankaphwanya ufulu wa anthu wolankhula. TRAI sinagonje: kumapeto kwa chaka chomwecho inalamula kuti uthenga uliwonse wopitirira 100 patsiku uzilipiridwa osachepera mapaise 50 a ndalama za ku India, posatengera bandulo imene munthu anagula.