Mau a Cibale pa Masankho: Citsanzo ca Tauni ya Katete

1. Mau Oyamba

Katete ndi tauni yaing'ono ya m'Cigawo ca Kum'mawa, pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, pamene papatukira mseu wa ku Chanida wolowera ku Mozambique. Anthu ake ambiri ndi Acewa olima cimanga, nshawa ndi thonje, ndipo ku Mkaika, m'boma lomweli, ndiko kuli likulu la Kalonga Gawa Undi. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti, ngakhale anthu a kuno asintha zipani kangapo kuyambira mu 1991, mau amene afotokozera munthu woyenera voti yao akhala amodzimodzi. Mauwo ndi a cibale.

2. Mbiri ya Kavotedwe

Pa masankho a pa 31 October 1991, cipani ca MMD cinapata mipando 125 mwa mipando 150 ya m'Nyumba ya Malamulo. UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyi inali mipando yonse ya kum'mawa, kuphatikizapo ya Katete. Mu 1996 UNIP inakana kupikisana nao, cifukwa lamulo latsopano linaletsa Kenneth Kaunda kuimanso. Mu 2001 mavoti ambiri a cigawoci anagawikana pakati pa Tilyenji Kaunda wa UNIP ndi Christon Tembo wa FDD.

MMD, imene inakanidwa mu 1991, inalandiridwa ndi manja awiri mu 2008 ndi mu 2011 pamene Rupiah Banda anali kuitsogolera. Mu 2013 phungu wa Mkaika atacoka ku MMD ndi kulowa PF, imene inali kulamulira, anthu anamkana pa masankho apadera nasankha Peter Phiri wa MMD. Koma mu 2015, Banda atanena poyera kuti ali pambuyo pa Edgar Lungu, cigawo comweco cinavotera PF, ndipo cinateronso mu 2016.

3. Mau Amene Anyamula Voti

Mau akale kwambiri ndi akuti "umodzi kum'mawa". Anamveka pambuyo pa msonkhano wa UNIP wa ku Mulungushi mu 1967, pamene Reuben Kamanga analandidwa udindo wa waciwiri kwa mtsogoleri ndi Simon Kapwepwe. Amenewa ndi mau a dera, pakuti achula mbali ya dziko.

Mau akuti "wako ni wako", amene anafala pa masankho a 2015 ndi 2016, ndi a mtundu wina. Coyamba, agwiritsa nchito "ni" wa Cinsenga ndi wa Cinyanja ca m'matauni m'malo mwa "ndi" wa Cicewa, kotero kuti Mcewa, Mnsenga, Mngoni ndi Mtumbuka onse awamva ngati ao. Caciwiri, sachula dzina la munthu, la cipani kapena la mtundu. Womvera amadzaza yekha dzina losowalo. Mphamvu yake icokera ku mwambi wakale wakuti "cibale ndi fupa, siciola".

Tsono "wathu" ndani? Cocititsa cidwi ncakuti atsogoleri atatu amene anthu a kuno anawakonda kwambiri sanabadwire kum'mawa. Kaunda anabadwira ku Lubwa ku Chinsali, makolo ake ali ocokera ku Nyasaland. Banda anabadwira ku Gwanda, m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, ndipo Lungu anabadwira ku Ndola. Conco kukhala "wathu" sikudalira kumene mcombo unagwera. Kudalira kwao kwa makolo, cinenero cimene munthu alankhula, ndi amene amuimira umboni. Pa mwambo wa Acewa ukwati sumangidwa popanda nkhoswe, ndipo tiona kuti cimene Banda anacita mu 2015 cinali unkhoswe: wamkulu wodziwika anatsimikizira mbumba kuti mlendoyo ndi wapabanja. Phungu wa Mkaika wa mu 2013 anasamuka wopanda nkhoswe, ndipo mbumba sinamtsatire.

4. Malire a Cibale

Sikungakhale koona kunena kuti cibale cokha ndico cilamula. Pa mwambo womwewo, malume amene sasamalira mbumba yake ataya ulemu. Kwa mlimi wa ku Katete cisamaliro ca boma ndi feteleza ndi msika wa cimanga. Kuthetsedwa kwa NAMBOARD mu 1989 ndi kumasulidwa kwa malonda a mbeu m'zaka za Frederick Chiluba kunasiya alimi ambiri opanda ogula odalirika. Feteleza wotsika mtengo anabweranso mu 2002, ndipo pa nthawi ya Banda bungwe la Food Reserve Agency linagula cimanga cambiri pa zokolola zazikulu za 2010 ndi 2011. Mu 2021, zinthu zitakwera mtengo, Lungu anatsogolabe m'cigawoci, koma Hakainde Hichilema anapata mavoti oculuka kwambiri kuposa a mu 2016. Mau akuti "wathu" apereka mwai woyamba kwa wopikisana, koma nkhokwe ndiyo iweruza ngati mwaiwo upitirire.

5. Pomaliza

Kwa aphunzitsi a Cinyanja, nkhani iyi ili ndi phunziro la galamala ndi la cikhalidwe pamodzi. Mau akuti "masankho" ndi "tsankho" acokera ku tsinde limodzi, -sankh-, koma loyamba ndi ufulu wa nzika pamene laciwiri ndi matenda a dziko. Alowam'malo aumwini monga -ko ndi -thu, amene tiphunzitsa ana m'makalasi oyambirira, ndiwo akhala pa malire a mau awiriwa. Wophunzira amene waphunzitsidwa kufunsa kuti "wathu" aphatikiza yani ndipo asiya yani adzamva bwino zimene andale alankhula pa bwalo, ndipo adzadziwa cimene avomereza pamene aomba m'manja.