Tchopa, gule wa anthu amene anafika opanda malo

Tchopa akayamba m'midzi ya ku Chiradzulu, ovina amapanga bwalo atavala zikopa ndi nthenga, ng'oma zitatu zikuyankhana. Ena amabereka katundu kumsana: makasu, zida za ulenje, ziwiya zakale, zidole. Guleyu amavinidwa pothokoza zokolola kapena popereka nsembe kwa mizimu kukagwa chilala kapena mliri. Koma ndikaona katunduyo ndimakumbuka kuti eni ake, Alomwe, anafika kuno atasenza chilichonse chimene anali nacho.

Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, pothawa chibalo, msonkho ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Kuno anakumana ndi thangata. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, munthu ankalipira pokhala ndi thukuta lake, ndipo bwana wa pamalopo, William Jervis Livingstone, ankatentha matchalitchi a anthu a John Chilembwe. N'chifukwa chake ambiri mwa amene ankapemphera ndi kuyimba ku mishoni ya Chilembwe, Providence Industrial Mission, ku Mbombwe, anali Alomwe, ndipo analipo pa 23 January 1915 pamene anthu anaukira atsamunda. Munda sunali wawo, boma linkawatcha dzina lonyoza. Chimene bwana sakanatha kulanda chinali nyimbo ndi ng'oma.

Anthu a ku Tibet anadutsa njira yofanana. Dalai Lama atathawira ku India mu 1959, chimodzi mwa zoyamba kukhazikitsidwa chaka chomwecho chinali sukulu ya nyimbo ndi magule, Tibetan Institute of Performing Arts, imene ili ku Dharamsala. Kwawo ku Tibet kuyimba kumamangitsa: woyimba Lolo anagamulidwa zaka 6 mu 2013 chifukwa cha nyimbo zofuna ufulu.

Kwathu tchopa tsopano ali pa ulemu. UNESCO inamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2014, ndipo chaka chilichonse amamveka pa Chonde ku Mulanje, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, gulu limene linayamba mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Zimasangalatsa kuona anthu amene makolo awo ankabisa mtundu wawo akuvina poyera. Chondidetsa nkhawa n'chakuti andale amakhala pa mipando ya kutsogolo, gule n'kusanduka wolandirira alendo olemekezeka, pamene nkhani ya malo imene inaphetsa anthu mu 1915 ikadalipo: Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri, minda ndi tizidutswa. Ndipo chinenero cha Elhomwe chikuzilala. Achinyamata ambiri amavina mwaluso, koma mawu a nyimbozo amafunsa agogo kuti awamasulire.